Malovu Amene Akulu Anga Anameza

Ndikukumbukira tsiku limene ndinaonera kanema koyamba, ndipo sindilikumbukira mosangalala ngati mmene anzanga amakumbukirira lawo. Ena anayambira pa mpira, ena pa makwaya ovala zofanana akugwedezeka m'mbali mwa mtsinje. Ine mwayi wanga unandigwetsera pa anthu aubweya. Nthawi imeneyo ndinali kamtsikana ka giredi folo kwathu ku Pembamoyo, miyendo ili mbuu ngati ndagona paphulusa, pakamwa posatseka. Amayi ankati munthu wondiuza ine chinsinsi wathira mapira m'lichero lobooka.

Akulu anga a Zelipa anali ndi pakati poyamba. Amuna awo, a Lakisoni, anali mkamwini pakhomo pathu, munthu wa ngolo, wochoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka akununkha ng'ombe. Choncho woperekeza akulu ku sikelo ndinali ine. Tsiku limenelo tinayenda bwino, anamwino anawapima n'kuwapatsa timapilisi tofiira toonjezera magazi. Pobwerera mvula inatipeza pafupi ndi sukulu, mvula ya masana ija yotsogoza mphepo yonunkhira dothi. Tinathamangira pakhonde la aphunzitsi a Mbewe, ngati kuyenda kwa wapakati tingakutche kuthamanga. Pakhondepo tinapeza nkhuku zonyowa, njinga ndi mulu wa mapatapata, chifukwa m'nyumbamo munali anthu tho. Sukulu inali itaweruka, aphunzitsi anali atangogula sola ndi batire, ndipo mlamu wawo wa ku Chipata anali atawajambulira tepi ya zinthu zimene zinaonetsedwa pa kanema kumeneko.

Akazi a aphunzitsi anatiitanira m'kati kuti tisavumbwe. Pansi pa nyumba imeneyo panali simenti yopaka polishi wofiira, yowala moti unkadziona mwendo wako womwe. Ife ozolowera nyumba zozira ndi dothi tinalowa monyang'ama, kuopa kusiya mapazi. Poona kuti akulu ndi oyembekezera, anthu anawapatsa malo abwino, kutsogolo kwenikweni, ine n'kudzipanikiza pambali pawo.

Kanemayo anali wamng'ono, pamwamba pake atayalapo kansalu koluka. Mvula inkasokosera pamalata moti mawu a mzungu wofotokoza sankamveka, ndipo ngakhale akanamveka, Chingerezi changa chinkathera pa kupempha kupita kuchimbudzi. Tinkangoona ndi maso. Chimene chinayamba kundidabwitsa n'chakuti dziko la m'kanemamo linali lathu lomwe lino. Udzu unali tsekera, mitengo ngati misuku, miyala ikuluikulu yosanjikizana ngati ya paphiri la kuseri kwa mudzi wathu. Ndiye muudzumo munatuluka anthu. Ndikuti anthu chifukwa ankayenda ndi miyendo iwiri, koma thupi lonse linali ubweya, chipumi chotsikira m'maso, kukamwa kotsogola. Sanavale kanthu. Mvula ikapuma pang'ono unkawamva akubuula, osatchula liwu ndi limodzi lomwe.

Pakati pawo panali mayi wonyamula khanda m'chiuno. Anafika pachulu, ananjuta, anathyola kaudzu, anakanyambita, n'kukalowetsa kuuna. Potulutsa, kaudzuko kanali ndi agang'a, chiswe cha mitu ikuluikulu chija, ndipo anawapulula ndi milomo. Umu ndi mmene ife ana tinkachitira pachulu cha kumunda, osasiyana ngakhale pang'ono. Akulu anaseka. Kuseka kwa akulu sikunali kwa m'kamwa mokha, kunkagwedeza mapewa ndi mimba yomwe. Anandigunda ndi chigongono n'kunena kuti, "Dolika, taona mnzako."

Ena anasekanso. Koma mayi uja anasiya kutafuna, anadzutsa mutu pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kwa ife. Nkhope yake inadzaza kanema yense. Maso ake sanali a nyani. Nyani timamudziwa, amatibera chimanga chaka ndi chaka, ndipo maso ake ndi a mbala, sakhala malo amodzi. Awa anali maso a munthu amene wamva kuti akumuseka. Anayang'ana nthawi yaitali osaphethira, ndipo amene anakhala moyang'anizana naye anali akulu. Kuseka kunazima m'nyumba monse. Ndinaona dzanja la akulu likupita pamimba, ndipo ndinaona ndi maso angawa chitenje chikutukuka chokha, mwana akutembenuka.

Kumbuyo kwathu kunakhala a Nankhoma, mayi wachikulire amene anabwera kudzagulitsa bowa mvula n'kumutsekera momwemo. Anawerama n'kunena chapansipansi, koma aliyense anamva: "Mwana iwe, wapakati saseka zotere. Lavula msanga."

Kwathu zinkadziwika kuti mayi woyembekezera akaona chinthu chosaoneka bwino, makamaka akachiseka, mwana amatha kutengera nkhope yake. Mankhwala ake anali amodzi, kulavulira pansi nthawi yomweyo kuti chimene waonacho chitsike ndi malovuwo. Akulu ankadziwa, anamkungwi anali atawalangiza mimba itangoyamba kuoneka. Anayang'ana pansi, n'kuona polishi uja akuwala. Anayang'ana kukhomo, n'kuona anthu atathithikana mpaka pakhonde. Anayang'ana kumbali, n'kuona akazi a aphunzitsi, amene anatichitira chifundo, atakhala pampando mapazi ali oyera. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Ndinaona pakhosi pa akulu pakukwera n'kutsika. Anameza.

Aphunzitsi a Mbewe anali munthu wabwino, ndipo ataona kuti m'nyumba mwazizira anafuna kukonza zinthu. Anati, "Musaope, amayi. Awa ndi anthu ngati ife tomwe, angovala nkhope. Akutionetsa mmene makolo athu akalekale analili." Akanangokhala chete zikanakhala bwino. Ngakhale ife a kumpingo, amene sitinkaponda kubwalo la gule, tinkadziwa kuti za chovala nkhope sizinenedwa choncho pagulu, ndiponso kuti kwawo kwa zotero ndi kumanda. Abambo awiri anadzuka n'kutuluka, mvula ili pakati. Ndiye panalinso liwu lija lakuti makolo. Ngati zimenezo sizinakwane, kanema anasintha n'kuonetsa azungu ovala zipewa atagwada m'dzenje, akusesa dothi ndi timaburashi. Anatulutsa mafupa, anatulutsa chigaza, n'kukaziyala patebulo pansi pa nyali. Kenako nkhope ya mayi uja inabweranso pamwamba pa chigazacho. Apa sipanafunike Chingerezi. Tonse tinamva kuti mafupawo ndi ake.

Mvula itakata tinanyamuka. Titafika pamtsinje akulu anaima n'kuyamba kulavula, kulavula, mpaka m'kamwa munauma. Tonse awiri tinkadziwa kuti nthawi yake inali itapita. Anandigwira dzanja mondipweteka n'kunena kuti, "Usauze munthu, Dolika. Ngakhale amayi." Ankaopa zambiri. Atate anali mkulu wa mpingo, ndipo za kulavula ankati n'zachikunja. Apongozi awo akanati mkazi wosamva mwambo wawonongera mwana wawo mbewu. Kunena kunali koipa mbali zonse. Ndipo ine, amene ndinali ndisanasungepo nkhani kufikira madzulo, iyi ndinaisunga. Sindinaisunge chifukwa chokhulupirika ayi. Ndinkaopa kuti ndikaitchula ndiye kuti ndaiitana.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kuwalonda akulu ndi maso. Zinthu zimene ankachita masiku onse zinayamba kundioneka mwina. Akafuna dothi la pachulu, ndinkadziwa bwino kuti apakati onse amadya dothi, koma ine ndinkaona mayi wa pachulu uja. Akanjuta potsuka mbale, ndinkayang'ana kumbali. Tsiku lina masana ndikuchokera kumjigo ndinamva kugogoda kuseri kwa nkhokwe. Nditasuzumira ndinapeza akulu ali okhaokha, atanjuta, mwala m'manja, akuswa nthanga za maula pamwala unzake n'kumatola timaso ta m'kati ndi zala. Anamva mapazi anga, anasiya kutafuna, anadzutsa mutu n'kundiyang'ana osaphethira. Ndowa inandipulumuka pamutu. Amayi anandikalipira chifukwa cha madziwo, ndipo ndinalandira kukalipako mokondwa, chifukwa kunali kwa munthu amene ndikumudziwa.

Ndinayesa kufufuza mwanjira yanga. Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi ndinafunsa atate ngati Adamu anali ndi ubweya. Yankho linabwera ndi nkhonya yaing'ono pamutu, ndipo sindinafunsenso.

Akulu ndiwo anali ataiganizira nkhaniyi mpaka kumapeto. Tikupalira mtedza, atate ndi amayi ali kumzere wakutali, anayamba kuyankhula osandiyang'ana. "Mayi uja alibe manda, Dolika. Anamufukula, ali patebulo pa eni. Munthu wopanda manda amafuna polowa." Anagwetsa khasu kangapo, kenako anati, "Aphunzitsi anati ndi kholo lathu. Kholo likafuna kubwerera limadzera kuti?" Pamudzi pathu panali ana ambiri amene anthu ankati abwera ndi nkhope ya agogo akuti, kapena kayendedwe ka amalume akuti amene anapita kale, ndipo zinkanenedwa mokondwa. Tsiku limenelo ndinaona kuti nkhani yomweyo ili ndi mbali ina yoopsa.

Chimanga chitayamba kuuma, akulu anandiuza kuti tipite kunkhuni. Sitinatenge nkhwangwa. Iwo anabisa kapu ya ufa m'chitenje, ndipo tinalunjika kuphiri la kuseri kwa mudzi. Kumeneko kuli phanga limene pamwala pake pali zolembalemba zofiira, zina zozungulira, zina ngati makwerero. Akuluakulu ankati analemba ndi Akafula, anthu aafupi amene anali m'dziko lino makolo athu asanafike. Ana sitinkalowamo. Akulu anaganiza kuti ngati mayi uja ali ndi abale kuno, ndiye kuti kwawo ndi kumeneko. Anakwera mopuma, dzanja lina pamsana, lina paphewa langa. Dzuwa linali pamutu, koma pakhomo pa phangalo pankatuluka kamphepo kozizira konunkha mileme.

Anagwada movutikira, anathira ufa pamwala, anaomba m'manja. Kenako anasowa poyambira, chifukwa nsembe imafuna dzina ndipo dzina analibe. Pomaliza anati, "Inu amayi a pa kanema, ndinaseka mosadziwa. Pepani. Mwanayu ndi wa a Lakisoni, musiyeni." Kunena zoona ndinatsala pang'ono kuseka, mwana wa mkulu wa mpingo akupepesa munthu wa pa tepi. Koma ndisanatsegule pakamwa, m'kati mwa phanga, mumdima, munamveka kamwala kakugubuduka. Kanabwera pang'onopang'ono, kakugunda apa ndi apo, n'kudzaima pafupi ndi ufa uja. Lero ndikhoza kukuuzani kuti m'mapanga otere mumakhala mbira, ndipo mbira zimagwetsa miyala. Tsiku limenelo sindinaone mbira. Sitinathawe, chifukwa akulu sakanatha. Tinatsika phirilo mwakachetechete, msana wanga wonse ukumva kuti ukuyang'anidwa. Kumunsi akulu anandifunsa ngati kamwalako kanatanthauza kuvomera kapena kukana, ngati kuti ine wa giredi folo ndinaphunzira zimenezo. Lamulungu lotsatira anaimba mukwaya mokweza kuposa aliyense.

Mwana anabwera masiku ake asanakwane, m'nyengo yozizira, tili pakati potonola chimanga. Panalibe nthawi yomanga ng'ombe pangolo, choncho anaitana azamba a pamudzi, ndipo zonse zinachitikira m'nyumba ya amayi. Dzuwa likutuluka tinamva kulira. Ana saloledwa m'chikuta, koma manja anali ochepa, ndipo anandituma kukasiya madzi otentha pakhomo. Ndinasiya madziwo maso n'kulowa okha. Kanali kamwana kakakazi, kakang'ono ngati chibakera cha atate kawiri, ndipo pamapewa pake, pamsana, m'mphepete mwa makutu ndi pachipumi mpaka pansidze panali cheya chakuda chogona ngati chonyambitidwa.

Azamba sanadabwe n'komwe. Anati ana ofulumira amabwera ndi bulangete lawo, limathothoka lokha. Amayi anaseka n'kunena kuti n'koyenera, kunja kukuzizira. Koma akulu anali atamuona kale mwanayo, kamodzi kokha. Sanakuwe, sanalire. Anatembenukira kukhoma n'kudzifunditsa.

Tsiku lonselo anakana kuyamwitsa. Amayi anakalipa, ananyengerera, anapemphera. Azamba anati mwina mutu wasokonekera ndi ululu, zimachitika. Ankamudonthezera mwanayo madzi ndi kasupuni, koma mwana wobadwa msanga sakhalira madzi. Pofika m'mawa mwake kulira kwa mwanayo kunali kutachepa, kukumveka ngati kwa kamphaka kotsekeredwa m'nkhokwe, kenako kumakhala zii nthawi yaitali. A Lakisoni ankazungulira bwalo osadziwa chochita, chifukwa mwamuna salowa m'chikuta. Pamudzi ponse wodziwa chimene akulu ankaona pankhope ya mwanayo ndinali ine ndekha, ndipo ndinkachita mantha kwambiri, mantha a mwana kufa ndiponso mantha a mwana kukhala moyo.

Ndinawapeza amayi kuseri kwa khitchini akuchapa nsalu, ndipo ndinawauza zonse, kuyambira pamvula mpaka paufa. Ndinkayembekezera khofi kapena kusekedwa. Iwo anangoima, manja akudontha madzi, akuyang'ana kuphiri kuja. Kenako anapukuta manja n'kulowa m'nyumba, ine ndikumvetsera pazenera.

"Zelipa," anatero amayi, mawu awo ali pansi. "Kaya ndi wa a Lakisoni, kaya ndi kholo labwerera, ine sindikudziwa. Koma wabwera ndi njala. Mlendo timayamba tam'patsa chakudya, mafunso pambuyo."

Anavula duku lawo, anaphimba nalo nkhope ya mwana mosiya pakamwa pokha, n'kumuika pabere. Akulu sanamukankhe. Anayamwitsa maso ali kukhoma, misozi ikutsikira m'khutu. Tsiku lotsatira anateronso, ndipo mwanayo anakhala moyo. Anamutcha Mailesi.

Cheya chija chinathothoka monga ananenera azamba, mwana asanayambe n'kukhala komwe. Mailesi anakula bwino, wosalala, wa mpata pakati pa mano, wofanana ndi a Lakisoni moti ngakhale ng'ombe zawo zikanamuzindikira. Atate anamwalira osadziwa za ufa uja. Akulu anabereka ana ena, ndipo amenewo ankawaseweretsa, kuwayang'ana m'maso, kuwatchula mayina achibwana. Mailesi sanamumane kanthu. Ankamusambitsa, ankamuluka tsitsi atakhala kumbuyo kwake, anagulitsa mbuzi kuti apite kusukulu ya ku boma, ndipo atadwala malungo anamubereka kumsana mpaka kuchipatala. Koma akamayankhula naye, maso awo ankakhala paphewa pake kapena pansi. Anthu sanazione, chifukwa kwathu kuyang'ana pansi ndi ulemu. Anaiwala kuti woyang'ana pansi amakhala mwana, osati make.

Masiku ano ndimakhala ku boma, ndili ndi benchi yanga mumsika wa Chadiza. Kanema ali paliponse, m'mashopu, mometera tsitsi, ndi m'mafoni a ana osavala nsapato. Anthu aubweya aja ndawaonanso kangapo, ndipo mwana wanga anandionetsa pafoni mmene amawamatira ubweyawo, wina atavala nkhope ya kholo lathu akumwa tiyi m'kapu. Atsikana apakati amaonera zoopsa kuposa pamenepo akulukitsa tsitsi, ndipo palibe wowatseka m'maso. Ndimati zinthu zasintha, ndipo mbali imeneyi zasintha bwino.

Chaka chatha Mailesi anabwera kudzandiona, mwana wake ali kumsana. Anakhala pabenchi panga n'kumandithandiza kusankha nyemba. Tili pakati pocheza za mitengo ya feteleza, anafunsa osadzutsa mutu: "Amayi aang'ono, ine ndinawalakwira chiyani amayi? Chibadwire sanandiyang'anepo kumaso."

Ndinkaganiza kuti sankadziwa. Ndinamuuza nkhani yonseyi monga ndakuuzirani inu. Anaseka mpaka mwana anadzuka kumsana, anaseka za polishi, anaseka za ufa. Kenako kusekako kunatha, nyemba zili m'manja.

"Ndiye zaka zonsezi," anatero, "akamandipatsa moni, amaganiza kuti akuyankhula ndi ndani?"

Ndinapitiriza kusankha nyemba. Akulu akadali moyo ku Pembamoyo, ndipo palibe mwa ife awiri amene walimba mtima kukawafunsa.